Mmene ndinasankhira language yolembera system ya fizi ya sukulu

Ntchito inali yoti ndipange system ya pa intaneti yoti sukulu ina ya pulaiveti izilembamo fizi, ndani walipira, ndani watsala ndi zingati, makolo azitha kuona balansi pa foni ndipo a bursar asiye kuvutika ndi mabuku a hardcover aja. Ndisanalembe ngakhale mzere umodzi wa code ndinayenera kusankha language, chilankhulo cholembera pulogalamu ya kompyuta, ndipo apa mpomwe ambiri timakakamira, chifukwa ukafunsa ma developer aliyense amatamanda yake, wina akuti JavaScript basi, wina Python, wina mpaka kukuuza kuti PHP inafa kalekale.

Ine ndinayamba ndi pepala ndi bolopeni, kulemba zonse zomwe system ikuyenera kuchita. Login ya a bursar ndi a head, fomu yolembera mwana watsopano, kulandira ndalama nkutulutsa risiti, lipoti la temu, tsamba la makolo. Nditaliwerenga pepalalo ndinaona kuti mulibe chat, mulibe video, mulibe chinthu choti chizisintha chokha pa screen sekondi iliyonse, ndi ma fomu ndi ma table basi. Komanso makolo ambiri adzalowa ndi tima Android totchipa ndi bandulo yaing'ono, ndiye tsamba liyenera kukhala lopepuka, lizibwera lopangidwa kale kuchokera ku seva osati foni iyambe yakoka JavaScript yambirimbiri kenako nkumaonetsa balansi.

Apa ndifotokoze kaye chinthu chomwe chimasokoneza oyamba kumene. Mu browser mulibe zosankha kwenikweni, mmenemo ndi HTML, CSS ndi JavaScript, ufune usafune uziphunzira ndithu. Kusankha komwe tikunenaku ndi kwa ku seva, komwe kumakhala database, ma password ndi mawerengero a ndalama.

Ndinaika atatu pa mndandanda. Node.js, yomwe Ryan Dahl anatulutsa mu 2009 kuti JavaScript izitha kuyenda kunja kwa browser. Python ndi Django, framework (zida zokonzedwa kale zomangira system) yomwe inabadwira ku kampani ya nyuzipepala ku Lawrence, Kansas nkutulutsidwa mu 2005. Kenako PHP ndi Laravel ya Taylor Otwell ya mu 2011. Ruby on Rails ndinaiganizirako chifukwa a Baobab Health anaigwiritsa ntchito pa ma system a m'zipatala kuno ku Malawi, ndiye siyachilendo kwathu, koma ine sindinailembepo ndipo nthawi inali yochepa. Java nayo ndi yolimba, DHIS2 ya a zaumoyo ija ndi Java, koma pa laputopu yanga ya 4GB RAM ndinangoisiya.

Funso lomwe linadula nkhani kwambiri linali la hosting, system imeneyi izikhala kuti, azilipira ndani, ndi ndalama yanji. Ma tutorial a pa YouTube amangoti tenga VPS, seva yobwereka yomwe umaiyang'anira wekha, koma VPS yakunja imafuna madola mwezi ndi mwezi pa khadi, ndipo nkhani ya forex nonse mukuidziwa, sindikanafuna kuti tsiku lina sukulu idzuke system itazima chifukwa khadi yakana kudutsa. Shared hosting, pomwe mumagawana seva imodzi ndi ena nkumaiyendetsa pa tsamba lotchedwa cPanel, umatha kuipeza kwa makampani akonkuno nkulipira makwacha pachaka, risiti nkupita ku ofesi bwinobwino, ndipo pafupifupi iliyonse imabwera ndi PHP ndi MySQL zili kale. Kusiyana kwake kuli pa mmene zimayendera. PHP munthu akatsegula tsamba script imadzuka, imagwira ntchito, nkutha, palibe choti uzichiyang'anira. Node ndi Django zimafuna process yoti izikhala ikuyenda nthawi zonse, ndiye umayamba za mapulogalamu oiyendetsa ngati PM2 kapena Gunicorn, Nginx kutsogolo kwake, ikagwa wina aidzutse. Ma cPanel ena ali ndi poikira app ya Node kapena Python koma si onse, ndiye osangoganizira, funsani musanalipire.

Ine ndinawalembera a hosting mafunso anga ndisanapereke ndalama. PHP yanu ndi version yanji, chifukwa Laravel 11 imafuna 8.2 kupita mtsogolo. Kodi mumapereka SSH kapena terminal, polembera ma command pa seva, chifukwa popanda imeneyo composer ndi php artisan migrate zikhala zovuta. Kodi cron job, yomwe imayendetsa ntchito yokha pa nthawi yoikika, ilipo, yoti ndizitumizira makolo uthenga wowakumbutsa. Kodi ndingathe kuloza domain ku foda ya public, ndipo limeneli ndi lofunika zedi chifukwa ukangoponya project yonse mu public_html fayilo ya .env yokhala ndi password ya database imatha kuonekera kwa aliyense. Kampani ina inayankha kuti SSH sapereka, ndinapita kwina.

Chachiwiri chomwe ndinachiganizira kwambiri ndi choti ine ndikadzachoka, kaya ndapeza ntchito kwina kaya ndadwala, adzaigwire ndani. Sukulu singalembe ntchito developer wokhazikika, idzaitana mnyamata kapena mtsikana wina kuti atikonzereko apa. Mmene ndaonera ine, achinyamata ambiri omwe amaliza IT m'makoleji athu project yawo anapangira PHP ndi MySQL pa XAMPP, ena amadya za WordPress yomwenso ndi PHP, ndiye kupeza woti atsegule code nkumvetsa sikovuta. Zili ngati kugula galimoto yomwe ma spare ake ali pa msika uliwonse. Ndipo zoti PHP inafa ine sindivomereza, Wikipedia imayenda pa PHP mpaka lero, ndipo PHP 8 ndi yosiyana kutali ndi ija ya kale yosakaniza SQL ndi HTML mu fayilo imodzi.

Komabe sindinafune kusankha ndi maganizo okha, ndiye ndinapanga kanthu kamodzi komweko mu Django ndi mu Laravel, fomu yolembera mwana, kulandira malipiro, ndi tsamba loonetsa otsala ndi ngongole. Kunena zoona Django inandikoka mtima. Ukangolemba ma model nkuwalembetsa mu admin umapeza tsamba lonse loonjezera, kusintha ndi kufufuza lili kale, login ilinso pompo, moti theka la ntchito ya a bursar linali litatheka ndisanatope nkomwe. Laravel inafuna kuti ndilembe zambiri ndekha koma ma migration (opangira ma table), Eloquent (yofunsira database) ndi Blade (yopangira masamba) zinali zomveka, ndipo zonse ziwiri zimakutetezera ku CSRF ndi SQL injection, njira zomwe akuba a pa intaneti amagwiritsa ntchito, bola uzitsatira njira yake osamalumikiza ma query ndi manja. Node ndinaiyesa pang'ono ndi Express, yabwino ndithu, koma pafupifupi chilichonse umasankha wekha, cha login, cha database, cha ma fomu, ndipo npm install iliyonse imadya bandulo ukuona.

Poyesa pomwepo ndinatsimikizanso za ndalama, ndipo izi zilibe kanthu kuti wasankha language iti. Osasunga ndalama ngati float, mtundu wa manambala a desimali omwe kompyuta imangowayandikiza. Lembani 0.1 + 0.2 mu console ya browser muone, ikupatsani 0.30000000000000004, ndipo Python nayo imatero. Pa fizi ya ana mazanamazana timanambala timeneti tikhoza kusokoneza lipoti a bursar nkuoneka ngati aba pomwe sanabe, ndiye ine ndinaika DECIMAL mu MySQL, yomwe imasunga nambala ndendende, ndipo kulemba malipiro ndi kusintha balansi ndinaziika mu transaction imodzi kuti network ikaduka pakati zisalembeke theka.

Za Airtel Money ndi Mpamba poyamba ndimaona ngati zindikakamiza language inayake koma ayi. Ma API a malipiro, njira yomwe system yako imalankhulira ndi yawo, ndi HTTP ndi JSON, language iliyonse mwa zitatuzi imatha, chomwe amafuna ndi link ya HTTPS yoti azikuuzirapo kuti ndalama yalowa, ndipo satifiketi ya Let's Encrypt ndi yaulere. Nkhani ya speed nayonso sindinataye nayo nthawi, inde Go kapena Node zimatha kunyamula anthu ochuluka nthawi imodzi koma sukulu imodzi singafike pamenepo, chomwe chimachedwetsa system ngati iyi ndi network ya kholo ndi ma query olembedwa molakwika, monga kufunsa database kamodzi pa mwana aliyense mmalo mokoka onse limodzi ndi with() ya Eloquent nkuika index pa nambala ya mwana.

Ndiye ndinatenga PHP ndi Laravel, MySQL, masamba a Blade, JavaScript pang'ono chabe pofufuzira dzina. Sukulu ikanakhala ndi VPS yake ndi munthu woiyang'anira ndikanatenga Django mosakaika chifukwa cha admin ija, ndipo ikanakhala app ya chat kapena yoonetsa zinthu live ndikanapita ku Node. Nditasankha ndinatseka nkhaniyo osabwereranso kumaonera mavidiyo oyerekeza ma language, ndinaika code pa Git, ndinalemba README yofotokoza mmene ungaikire system pa seva yatsopano, kenako cron ya mysqldump yokopera database yonse usiku uliwonse, ndipo Lachisanu lililonse a bursar amakopera backup ija pa flash nkuisunga mu ofesi ya a head.