Nyumba ya ku Area 47, ya ku Area 18 ndi mpanda wolowa mumsewu

Ku ofesi kwathu ku Lilongwe timagwira ntchito yosintha umwini wa nyumba ndi mapoloti. Sabata ino mafaelo amene anayenda bwino ndi amene anatsamwa anasiyana pa chinthu chimodzi: munthu amene wogula anamudalira kuti amupezere nyumba.

Lolemba kunabwera banja lina litapereka kale dipoziti ya nyumba ya ku Area 47. Anaiona pa Facebook, analipira ndalama yokaonera, ndipo tsiku lomwelo anauzidwa kuti pali ena akuilimbirana, agwiriretu msanga. Titawafunsa nambala ya chikalata cha umwini, analibe. Mwini nyumba anali asanamuonepo, ndipo risiti yawo inali m'dzina la dobadoba.

Nambala imeneyi ndiye muyeso woyamba wa ajenti. Malo aliwonse olembetsedwa m'kaundula wa boma ali ndi nambala yake, ndipo ku Lilongwe imayamba ndi dzina la chigawo: a ku Area 47 ndi Bwaila 47, a ku Area 43 ndi Alimaunde 43. Ndi nambalayo mumapita ku ofesi ya kaundula wa malo ya Unduna wa za Malo kukapempha search, kutanthauza kufufuza zimene zinalembedwa m'kaundula zokhudza malowo. Pepala lomwe limatuluka limanena mwini wake, zaka za lizi (pangano lobwereka nthakayo kwa eni ake), ngati nyumbayo ndi chikole ku banki, komanso ngati wina anaikapo chiletso. Ajenti amene anatumidwadi ndi mwini nyumba amapereka nambalayi osanyinyirika, amakuonetsaninso kalata yomutuma ndi satifiketi yosonyeza kuti ndi wolembetsedwa. Amene akuti "zimenezo tiona mukalipira" musiyeni pomwepo, ngakhale nyumbayo mwaikonda chotani.

Nambala ya nyumba ya ku Area 47 ija itapezeka, yankho la search linatuluka Lachinayi. Nyumba ilipodi, mwini wake ndi weniweni, koma ili pa chikole. Ngongole payokha sitseka malonda. Banki imalemba kalata yonena zimene zatsala, ndalamazo zimachotsedwa pa mtengo wogulira n'kupita kubankiko, ndipo banki imamasula chikalata. Chimene chinatiwawa n'chakuti pakati pa banjali ndi mwini nyumba panali madobadoba atatu, aliyense atawonjezerapo yake, ndipo dipoziti ija inali isanafike kwa mwini wake. Ndi ndalama imene anthuwa anasunga zaka zambiri, ndipo kuilondola kudzatenga nthawi.

Faelo ya Lachiwiri inali yosangalatsa kuigwira. Nyumba ya ku Area 18, mwini wake anamwalira, akugulitsa ndi mwana woyamba. Nyumba zamasiye ndi zimene zimagwetsa ogula ambiri, chifukwa kukhala mwana wamkulu sikupatsa munthu mphamvu yogulitsa. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mayi kapena bambo wotsala ndi ana onse, ndipo wosayina ayenera kukhala amene khoti linamupatsa makalata oyendetsera chumacho. Ajenti wa faelo iyi anabwera ndi makalatawo m'manja, ndi chiphaso cha unzika cha wogulitsa chogwirizana dzina ndi makalata, ndipo anali atakhazika kale pansi mayi ndi ana onse. Anali atafufuzanso kuti lizi ndi ya Malawi Housing Corporation (MHC), kotero chilolezo chosinthira umwini chikachokera kumeneko. Izi n'zofunika kuzidziwa msanga, popeza malo ena mumzinda muno ndi a unduna, ena a MHC, ena monga mapoloti ambiri a ku Kawale ndi Area 25 ali m'manja mwa khonsolo, ndipo aliyense ali ndi khomo lake. Ajenti wosadziwa eni nthaka ya nyumba imene akutsatsa sakuidziwa nyumbayo.

Pa nkhani ya komishoni, ogula ambiri amaiwala kuti kawirikawiri ajenti amalipidwa ndi wogulitsa, ndipo mtengo ukakwera yake imakweranso. Funsani poyera kuti akumulipira ndani komanso zingati, zilembedwe. Mtengo woyenera musaumve kwa iye yekha. Pezani valuer wanu wolembetsedwa, katswiri woyesa mtengo wa nyumba, ndipo ngati mukutenga ngongole banki idzafuna lipoti lake ndithu. Loya akhalenso wanu, osati amene ajenti wakulozerani kuti ndi mnzake. Ndalama zisadutse pa foni ya munthu. Zilowe mu akaunti ya makasitomala ya loya, pangano logulitsana litasayinidwa, ndipo zitulukemo mapepala akakwana: chilolezo cha eni nthaka, satifiketi ya msonkho ya MRA, umboni woti msonkho wa khonsolo ndi lendi ya nthaka zalipidwa. Mabilu a madzi ndi magetsi muwaonenso, chifukwa ngongole yotsalira pa mita imavutitsa wolowa m'nyumba. Wogula asungenso padera ndalama ya stamp duty (msonkho wa boma wa pa chikalata chosinthira umwini), ya loya ndi yolembetsera dzina lake m'kaundula.

Lachisanu tinapita ndi saveya, katswiri woyeza malo, kukaona nyumba ina kumpoto kwa mzinda. Mapepala a umwini anali bwino, koma atayeza kuchokera pa mabikoni (zizindikiro za malire) n'kufananitsa ndi mapu a polotiyo, mpanda wakumaso unapezeka utalowa mamita awiri m'malo a msewu, ndipo boyizi kota inamangidwa popanda pulani yovomerezedwa ndi khonsolo. Zotere khonsolo ili ndi mphamvu yozigwetsa, ndipo wolira amakhala amene wagula. Ajenti sanatsutse. Anaimbira mwini nyumba tili pomwepo, ndipo tinagwirizana kuti mtengo utsike molingana ndi ndalama yosunthira mpandawo. Pangano latsopano talilemba, asayina Lolemba likubwerali pulani ya boyizi kota ikaperekedwa kukhonsolo.