Tsiku limene ndinadutsa apongozi ndikupalasa chobwerera

Poti nkhaniyi yafika kale pa gulu la WhatsApp la kubanja, ndipo ena ayamba kuithira mchere kuti ndinali nditalawako, lekani ndiinene ndekha mwini wake. Sindinamwe. Komanso apongozi ndinawapatsa moni. Kungoti moniwo unayambira pa golosale n'kukathera pa mulu wa mchenga, iwo ali kumbuyo kutali.

Wolakwa weniweni ndi alamu anga a ku Joni. Bwana wawo, nkhalamba ina imene inkachita mpikisano wa njinga pa bwalo la Hector Norris ku Johannesburg, ikuchotsa zakale m'galaja inawapatsa felemu yofiira, mawilo awiri opanda matayala ndi kajumbo ka tizitsulo. Iwo anakweza zonsezi pa basi zitakutidwa m'bulangete ngati mwana wodwala malungo. Felemuyo inali yopepuka moti ndinainyamula ndi zala ziwiri. Ndinkangoyenda nayo m'nyumba, akazi anga akundiyang'ana.

Njinga za pa bwalo lotere si njinga wamba. Bwalo lake ndi lozungulira, lopendekeka ngati mbale, ndipo kulibe chitunda, kulibe mtsetse, kulibe mbuzi, kulibe apongozi. N'chifukwa chake njinga zake zilibe mabuleki, zilibe magiya, zilibe fuliwilo. Sipoketi ya kumbuyo imamangidwira ku wilo, ndiye wilo likamayenda mapedulo nawo amayenda, ufune usafune. Pa YouTube ndinaona anyamata operekera makalata ku New York akuluka pakati pa magalimoto pa njinga zoterezi. Ndinadziona ndikuchita zomwezo pa Ginnery Corner. Kuti Blantyre ndi mapiri okhaokha, komanso kuti ine ndimakhala m'munsi mwa phiri la Soche, sindinaganizeko.

Ndinapita nayo kwa amisiri a pansi pa mtengo wa mango, madala okonza njinga za kabaza. Anaitembenuza, anasuzumira pa foloko, n'kufunsa kuti, "Bwana, bowo la buleki lili kuti?" Ndinati palibe, anaipanga choncho. "Nanga kaliyala timanga pati?" Ndinati sikhala ndi kaliyala. "Madigadi?" Ayi. Anakhala chete kaye, kenako anati, "Ndiye kuti kufakitale anaweruka asanaimalize."

Iwo anafuna kundichitira chifundo poika wilo la njinga ya m'mapiri lokhala ndi fuliwilo. Koma kumbuyo kwa felemu yanga mpata wake ndi mamilimita 120, pamene wilo lawolo limafuna 135. Ndinawapeza ataponda mwendo umodzi wa felemu, winawo akuukoka ndi manja ngati akung'amba nkhuni. Ndinakuwa. Matayala nawo anativuta. La 28 la njinga zakale zija za Humber limakhala pa limu ya mamilimita 635, yanga ndi ya 622, ndiye linkangokhwepa ngati jekete ya malume. Ndinayenda masabata awiri ku Limbe kufuna matayala a 700, amene amakwana pa limu yangayo. Chimene chinagwirizana ndi njinga za kabaza ndi tcheni chokha, ndipo madala aja anasangalala kwambiri kuti mzungu ndi ife tagwirizana pa chinthu chimodzi.

Zotsalazo ndinati ndimaliza ndekha kunyumba, chifukwa madala aja ankandiseka kwambiri. Apa ndi pamene pali nkhani. M'kajumbo muja munali kamphete kachitsulo kokhala ndi timipata m'mbali. Ndinamanga sipoketi bwinobwino. Kampheteko ndinakayesa pamwamba pake, kakukana. Ndinakapukusa, ndinakathira mafuta ophikira, ndinakanyengerera, osalowa. Ndinawatumizira alamu uthenga wa mawu wa mphindi zinayi kuwauza kuti bwana wawo anawapatsa zinyalala. Kamphete ndinakaponya m'chikwama.

Lero ndikudziwa. Mazinga a kamphete aja ndi amanzere, kamamangidwa chobwerera, dala, kuti ukamaletsa mapedulo sipoketi isamasuke. Safunsa anadya phula, inde, ndamva, musavutike kundilembera. Koma ndani mwa inu, kuyambira kubadwa, anamangapo chinthu pochipotokola ngati akumasula?

Loweruka m'mawa ndinaganiza zopita kwa owotcherera kuti akaboole foloko, ndiikepo buleki ya kutsogolo. Mvetsetsani bwino pamenepa, chifukwa pa gulu paja sakutchula: ine ndinali pa ulendo wokaikitsa buleki. Munthu wosamala. Bulekiyo ndinali nditagula kale, yatsopano, ili m'chikwama kumsana pamodzi ndi kamphete kaja. Kutanthauza kuti zinthu zonse ziwiri zimene zikanaimitsa njingayo ndinali nazo. Zinali pa ine. Akazi anga anati ndiikankhe. Ndinati ndi pafupi.

Mamita makumi awiri oyamba anali okoma ngati uchi. Njinga ili zii, osamveka ngakhale phokoso. Anyamata a kabaza pa siteji anaimba mluzu, wina n'kukuwa kuti, "Bigi, yaphweka!" Ndinakweza dzanja ngati phungu. Kenako msewu unatsetsereka, ndipo ine ndinachita chimene ndakhala ndikuchita pa mtsetse uliwonse kuyambira ndili Sitandade 3. Ndinasiya kupalasa.

Njinga sinasiye. Pedulo inandinyamula mwendo, n'kundiponya m'mwamba ngati bulu wolusa, ndinatera pa chishalo ndi mbali ya thupi imene sinditchula poti pa gulu pali ana. Kutsogolo kuli mano 48, kumbuyo 16, ndiye mapedulo akazungulira kamodzi wilo lazungulira katatu, mamita sikisi ndi kanthu. Pa chitunda zimenezi zimathyola mawondo. Pa mtsetse wa kwathu, miyendo yanga inayamba kusoka ngati makina a telala madzulo a Khirisimasi. Mawondo ankafika m'makutu. Liwiro la mtondo wadooka, koma wothamanga si ine.

Ndi pomwepo ndinawaona. Pa golosale, chitenje cha Mvano, dengu pamutu, ambulera m'manja. Amayi ake a akazi anga, akubwera kwathu osanena, monga mwa masiku onse.

Munthu wolera bwino akaona apongozi amatsika pa njinga, amapatuka, amawerama pang'ono. Thupi langa lonse linkadziwa zimenezi. Ndinakumbukira anyamata a ku New York aja, kuti amaima poletsa mapedulo ndi miyendo. Ndinalimbitsa mawondo, ndinakankha chobwerera ndi mphamvu za nsima ya zaka makumi atatu ndi zisanu. Kumbuyo kunamveka kuti kwiii, kenako khetye. Sipoketi yamasuka. Mwadzidzidzi mapedulo anapepuka, osagwira kanthu, ndipo poti miyendo inali ikukankhabe, inayamba kuzungulira chobwerera.

Ndikufuna muione bwino mphindi imeneyi, chifukwa ine ndimaiona usiku uliwonse. Njinga ikupita kutsogolo. Mkamwini akupalasa chobwerera, mwakhama, ngati munthu amene waona apongozi ndipo akuyesetsa kubwerera kumene wachokera koma dziko likumukana. Maso athu anakumana. Iwo anaima, anatsitsa ambulera, anakonza nkhope yolandira moni. Ine ndinachotsa dzanja limodzi pa handulo n'kuligwiritsa pachifuwa, ulemu. Ndinaweramitsanso mutu. Ndinati, "Mwadzu..." Mphepo yanga inakupiza chitenje chawo. Dengu linapendekeka, iwo analigwira, n'kutembenuka nalo pang'onopang'ono kundiperekeza ndi maso. Ndinamva kumbuyo mawu odekha, opanda mkwiyo, a munthu amene wakhala akudikira umboni kwa zaka zisanu ndi ziwiri: "Si bambo a kunyumba awo?"

"...ka bwanji amayi" ndinamalizira mu mchenga. Mulungu adalitse aliyense amene akumanga nyumba pa khona paja. Ndisanafike pamenepo ndinayesa kukhwekhwereza nsapato pa msewu, ndipo yakumanzere inatsala panjira, inaima bwinobwino payokha. Mwa ife tonse, nsapato yokhayo ndi imene inaima pafupi ndi apongozi.

Ndinagwa chafufumimba. Chikwama chinadumpha mutu n'kutseguka, buleki yatsopano ija inatera patsogolo pa mphuno yanga, ikadali m'pepala lake. Anyamata a kabaza anafika asanu, onse pa njinga zokhala ndi mabuleki, mmodzi atanyamula nsapato. Wina anatola kamphete kaja mu mchenga, anakayang'ana, anakaika pa habu ya wilo la kumbuyo, n'kukapotokola kumanzere ndi zala ziwiri. Kanalowa ngati kwawo. Mnyamata wa zaka mwina 19. Anati, "Bigi, kameneka sikolowera uku?" Ndinamuuza kuti ndimadziwa, ndinkafuna ndikamange ndikafika.

Apongozi anafika kunyumba ine ndisanafike. Sananene chilichonse choipa, ndiwo vuto lake. Anangouza mwana wawo kuti bambo akuoneka otanganidwa masiku ano. Pa nkhomaliro anandisunthira mbale ya ndiwo pafupi, n'kunena kuti, "Idyani bambo, mwapalasa kwambiri." Akazi anga anatuluka panja kukatsokomola.

Foloko inabooledwa Lolemba. Ndinapita nayo wapansi. Buleki ilipo tsopano, kamphete n'komanga, ndipo ndinasintha sipoketi kuika ya mano 18 kuti chitunda cha kwathu chisandiphe. Njingayo imayenda bwino kwambiri, kunena zoona, ndipo amene mukuseka simunaikwerepo. Alamu sanayankhebe uthenga wanga uja, koma ndikuona kuti anaumvera, kawirinso mwina. Anyamata a pa siteji akunditcha Rivesi. Dzulo wina wandifunsa ngati ndingamubwereke Lamlungu, ndamuuza kuti ndiona.