Sabata imodzi yofufuza kuwala kwachilendo mumlengalenga wa Joni

Lolemba m'mawa pa foni ya ku ofesi panali mavidiyo asanu, onse ojambulidwa usiku wa Loweruka ndi Lamulungu. Ntchito yathu ndi yophunzitsa anthu za nyenyezi, koma gawo lina la sabata limathera poyankha amene aona kuwala kumwamba osakumvetsa. A kwathu okhala kuno ku Joni amatumiza kwambiri, makamaka alonda, poti iwo ndi amene amachezera panja ena tonse tili m'tulo. Ena amafunsa ngati ndi alendo ochokera ku mapulaneti ena, ena amanena mosapsatira kuti ndi ndege ya ufiti. Sitiseka aliyense, ndipo onse timawafunsa mafunso amodzimodzi.

Inali nthawi yanji, mpaka mphindi yake? Munaima pati, ndipo munayang'ana mbali iti? Kunakhala nthawi yaitali bwanji, nanga kunali phokoso? Funso lovuta ndi la kukwera kwake. Munthu akati "chinali pamwamba pa mtengo" sanatithandize, chifukwa mtengowo sitikuudziwa. Timawauza kuti atambasule mkono n'kukunga chibakera. Chibakera chimodzi chimaphimba madigiri pafupifupi 10, ndiye kuchokera pomwe thambo lakumana ndi nthaka mpaka paliwombo ndi zibakera 9. Akati "zibakera zitatu chakumadzulo, 7:40 madzulo, ku Rosettenville", timalemba zimenezo mu Stellarium, pulogalamu ya pakompyuta yoonetsa thambo, n'kubweza thambolo pa mphindi imeneyo.

Mavidiyo atatu mwa asanuwo anali pulaneti ya Venus. Ndi yomwe ija timaitcha Nthanda ikatuluka mbandakucha, koma miyezi imeneyo inkaoneka madzulo. Siitalikira dzuwa kupitirira madigiri 47, choncho simungaione paliwombo pakati pa usiku. Chomwe chimasokoneza anthu ndi foni. Mukakokera chithunzi pafupi kwambiri, kamera imalephera kugwira kadontho kowala mumdima, n'kukasandutsa chimpira chotuwa chokhala ngati chikupuma, ndipo kunjenjemera kwa dzanja kumachivinitsa. Diso nalonso limanama: mukayang'anitsitsa kuwala kumodzi mumdima popanda choyerekezera, kumaoneka ngati kukusuntha.

Mlonda wina wa ku Mayfair sanakhutire. Anati, "Achimwene, ine ndinachiona ndi maso angawa chikuyenda." Ndinawayankha kuti, "Bambo, usiku uno mutsamire pageti, muchilunjike ndi nsonga ya pholo ya magetsi, ndipo mutu usasunthe." Nyenyezi ndi mapulaneti zimasendera kumadzulo digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse, osapatuka. Lachiwiri anaimba okha kunena kuti chinatsika pang'onopang'ono kuseri kwa pholo, ndipo chinali pamalo omwe aja a dzulo.

Lachiwiri lomwelo kunabwera nkhani ya ku Germiston, ya nyali yoyera yomwe inaima malo amodzi kwa mphindi zingapo kenaka n'kuzimirira. Misewu yoterapo ndege ku bwalo la ndege la OR Tambo yalunjika pafupifupi kumpoto ndi kummwera. Ndege ikamabwera molunjika kumene mwaima, nyali zake zoterera zimaoneka ili kutali kwambiri, phokoso lisanamveke, ndipo imakhala ngati yaima. Ikakhota, nyali zija zimaloza kwina, kumatsala yofiira ya phiko lamanzere, yobiriwira ya phiko lamanja ndi zothwanima. Webusaiti ya Flightradar24 imasunga njira za ndege, koma apa pali msampha womwe umagwira ngakhale odziwa ntchito: nthawi yake kawirikawiri imakhala ya UTC, nthawi yogwirizana ya dziko lonse, pamene ya kuno, monganso ya ku Malawi, ili patsogolo ndi maola awiri. Mukaiwala kuchotsa maola awiriwo mupeza kumwamba kulibe ndege, n'kulemba kuti nkhani ndi yosadziwika pamene yankho lili pomwepo.

Lachitatu kunagwa mvula ya ziphaliwali, monga zimakhalira kuno nyengo ino. Kunangobwera vidiyo imodzi ya mabwalo owala ozungulira pamitambo chaku Sandton, omwe anali magetsi amphamvu a pamalo achisangalalo.

Lachinayi ndiye linali tsiku lotanganidwa. Anthu a ku Tembisa, Cosmo City ndi Turffontein anaona mndandanda wa nyali zoyenda motsatizana ngati mikanda, mwakachetechete, patangopita ola limodzi dzuwa litalowa. Kuchuluka kwa malowo kunatithandiza. Chinthu chikakhala pafupi, monga droni kapena helikopita, wa ku Tembisa ndi wa ku Turffontein amachiona mbali zosiyana kwambiri, mwinanso mmodzi sachiona n'komwe. Onse akaloza mbali yofanana, ndiye kuti chili kutali makilomita mazanamazana. Webusaiti ya Heavens-Above, yoonetsa njira za masetilaiti, inatsimikiza kuti anali masetilaiti a intaneti a Starlink. Kuyambira mu May 2019, pomwe 60 oyamba anaponyedwa pamodzi, mndandanda wotere umaoneka masiku ochepa roketi ikangowasiya, asanabalalike n'kukwera m'njira zawo. Alibe nyali zawozawo, amangonyezimira ndi dzuwa lomwe pansi pano lalowa koma kumwambako likuwombabe. N'chifukwa chake amazimirira mmodzimmodzi pamalo amodzi, pomwe alowera mu mthunzi wa dziko. ISS, siteshoni ya mumlengalenga yokhalamo ofufuza, yomwe ili pa makilomita pafupifupi 400 kumwamba ndipo imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90, imachita chimodzimodzi: kuwala kumodzi kosathwanima, kodutsa thambo m'mphindi zochepa.

Timasiyanitsanso mwala ndi zidutswa za roketi poona nthawi. Mwala wochokera mumlengalenga, monga uja unagwa ku Botswana pa 2 June 2018 kapena wa ku Nqweba ku Eastern Cape pa 25 August 2024, umayaka masekondi ochepa chabe. Ngati kwamveka kuphulika, kumabwera mochedwa, poti phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Zidutswa za roketi zimayenda mwaulesi, zingapo moyandikana ndi michira yamoto, kwa theka la mphindi kapena kupitirira.

Lachisanu tinali ndi ana a sukulu, ndipo funso la alendo silinachedwe kutuluka. Ine funsoli ndimalilemekeza, ndipo mzinda uno uli ndi gawo lake pa nkhaniyi. Nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, Proxima Centauri, anaitulukira Robert Innes mu 1915 kuno ku Johannesburg, pa Union Observatory. Mu 2016 kunapezeka pulaneti yoizungulira. Koma kuwala kwake kumatenga zaka zoposa zinayi kuti kutifike, ndipo chombo chothamanga ngati Voyager 1, pa makilomita 17 pa sekondi, chingatenge zaka zoposa 70,000 pa mtunda umenewo. Ulendo wotere si wobwera kudzangothwanima pamwamba pa Hillbrow n'kubwerera. Ofufuza zamoyo za kwina amamvetsera mafunde a wailesi ochokera mumlengalenga, ndipo telesikopu ya MeerKAT, ya madishi 64 pafupi ndi tawuni ya Carnarvon kuno ku South Africa, imagwirako ntchito imeneyi limodzi ndi pulojekiti yofufuza zizindikiro zotere yotchedwa Breakthrough Listen. Mu 2019 telesikopu ya Parkes ku Australia inagwira chizindikiro chooneka ngati chikuchokera mbali ya Proxima yomweyo. Akatswiri anachifufuza mpaka anapeza kuti chinali chisokonezo cha zipangizo za anthu pansi pano, ndipo anaulengeza choncho mu 2021. Kufufuza kotere, kokayikira ngakhale chomwe ukuchilakalaka, ndi kumene timayesa kutsatira pa vidiyo iliyonse.

Loweruka nkhani imodzi inatsala yosatseka. Mayi wina wa ku Diepsloot anatumiza vidiyo ya masekondi asanu ndi atatu ya nyali ziwiri zachikasu. Inali itadutsa m'magulu angapo a WhatsApp, yomwe imafinya vidiyo n'kufufuta zambiri zomwe foni imasunga zokhudza nthawi ndi malo. Mulibe denga, mtengo kapena nyenyezi yoyerekezera, ndipo mayiwo akungokumbukira kuti anali atatha kudya nsima yamadzulo. Zikhoza kukhala madroni, kapena nyali zija za mapepala zouluka ndi moto, koma palibe chotsimikizira. M'kaundula tinalemba kuti umboni ndi wosakwanira, zomwe n'zosiyana ndi kunena kuti chinthucho n'chosafotokozeka. Tawapempha kuti apeze foni yomwe inajambula, atumize vidiyoyo ngati dokyumenti kuti isafinyidwe, kenaka akaime pamalo omwe aja masana n'kujambula mbali imene anayang'ana, madenga ndi mapholo akuoneka. Alonjeza kutumiza Lolemba, mwana wawo mwini foniyo akabwera kuchokera ku Midrand.