Mpopi woluma m'mamawa ku Ulongue

Lolemba, chisanu cha mu Julaye chili m'mafupa, anandiitana mayi wina amene ali ndi nyumba yogona alendo kuno ku Ulongue, cha kumsewu wa ku Calomue. "Amisiri, mpopi wa kubafa ukuluma anthu, koma si tsiku lonse ayi." Ndinafika dzuwa litakwera, n'kuyeza ndi mita yoyezera magetsi pakati pa mpopi ndi simenti yonyowa. Panalibe kanthu. Bambo a pakhomopo anagwira mpopiwo ali ndi nsapato, manja ali gwa, n'kunena kuti ndi mantha chabe. Sindinagwirizane nawo. Khungu louma limatchinga magetsi kwambiri, koma munthu wosavala nsapato, ataima m'madzi a sopo, ndi njira yotseguka.

Tsikulo ndinalithera pa pampu yokweza madzi m'thanki, poganiza kuti ndiyo, popeza imadzuka ndi kuzima yokha. Inali bwinobwino. Amene anandipatsa mutu wa nkhani ndi mtsikana wotsuka mabafa. Nditamufunsa kuti zimachitika nthawi yanji, anati, "Bambo, m'mamawa alendo akayamba kusamba, ndi madzulo. Masana ndimatsuka osamva kanthu." Ndinapempha mayiwo kuti akiye mabafa, alendo atenthetseredwe madzi pamoto. Anadandaula, koma anamva.

Lachiwiri ndinalawirira cha m'ma 5 koloko. Ndinakhoma chitsulo m'dothi lonyowa kuseri kwa nyumba, ndinakoka waya wautali kufika pa mita, mbali inayo pa mpopi. Ziro. Ndinavala magolovesi, n'kutsegula madzi otentha kuti azithira m'ndowa. Patapita mphindi zingapo, madzi ozizira atalowa m'giza, thermostat, kasuwichi koyatsa giza madzi akazizira, inati tha, ndipo mita inalumpha kupitirira mavoti 140. Nditathimitsa giza pa bokosi la masuwichi, inabwerera pa ziro. Chinsinsi chonse cha "nthawi zina" chinali pamenepo: giza imakoka magetsi pokhapokha madzi akazizira, ndiye m'nyengo ino anthu akamasamba motsatizana imakhala ikuyaka.

Element, chitsulo chotenthetsa madzi m'giza, nditaiyeza ndi megger, chida choyezera ngati magetsi akuthawa, pa mavoti 500 sinafike n'komwe pa megaohm imodzi, kusonyeza kuti magetsi ankathawadi. Itatuluka inali yotupa, yong'aluka m'mbali.

Koma element kuwonongeka si chachilendo. Chimene chinandisowetsa mtendere n'chakuti bwanji magetsi othawawo sanapite pansi. Ndinalondola waya wapansi, uja wobiriwira ndi wachikasu, mpaka panja, n'kupeza kuti unaduka kalekale pansi pa khoma, ndipo chimene anachitcha ndodo ya m'nthaka chinali kachidutswa ka chitsulo chomangira nyumba, kodyeka ndi dzimbiri. Kwa zaka zambiri amene ankapulumutsa anthu anali paipi yachitsulo yodutsa m'dothi. Chaka chatha inabooka, wokonza mipopi anaika ya pulasitiki. Iye sanalakwe, madzi anasiya kutayika. Kungoti chitsulo chochoka pa giza kufika pa mpopi chinatsala chopanda polowera pansi, kudikira dzanja la munthu.

Mayi anandifunsa chifukwa chake suwichi ya pabokosi sinagwe. Ija ya maampeya 20 imateteza waya kuti asapse. Mtima wa munthu ungasokonezeke ndi magetsi ochepa kwambiri, osafika ngakhale theka la ampeya imodzi, amene suwichiyo siwamva n'komwe. Magetsi athu a mavoti 220 amafuna chimene kuno timati disjuntor diferencial, cha mamiliampeya 30, chimene chimafananiza magetsi opita ndi obwerera, n'kudula msanga zikasiyana.

Lachitatu tinakangana za mtengo. Iwo ankafuna element yokha. Ndinawauza kuti, "Mayi, ndikasintha iyi yokha, yatsopanoyo ikadzang'aluka mudzamva ndi kulira kwa mlendo. Yotere sindigwira." Madzulo anavomera, ndipo zipangizo, element ndi diferencial yomwe, ndinaitanitsa ku Tete pa minibasi imene kuno timati chapa, chifukwa element ya saizi imeneyo kuno sinapezeke.

Lachinayi linali la thukuta ngakhale kunkazizira. Dothi la chilimwe ndi louma, ndodo imodzi sinakwanire, tinakhoma ziwiri zokutidwa ndi kopa motalikirana, n'kumangirira ku waya wapansi mapaipi onse achitsulo, a madzi otentha ndi ozizira omwe.

Lachisanu ndinayatsa zonse. Pa mpopi panali ziro, giza ikuyaka. Ndikulongedza zida, diferencial ija inagwa. Bambo aja anayamba kunena kuti ndawagulitsa chinthu chakufa. Tinazula mapulagi limodzilimodzi, ndipo wolakwa anapezeka kuchipinda chochapira: ayironi yakale, chingwe chake chitapsa m'kati n'kumakhudza chitsulo. Mtsikana uja anati imeneyonso inkamuluma, koma ankangoigwira ndi nsalu.