Sabata imene ndinalimbana ndi liwu la "deplete"

Lolemba ndinalandira lipoti la Chingelezi lokhudza chilengedwe kuti ndilimasulire m'Chichewa, ndipo liwu limodzi, "deplete", ndilo linandidyera nthawi kuposa masamba ena onse. Poyamba ndinkangolemba kuti "kutha", ntchito n'kumayenda, mpaka ndinafika pa ndime yonena za Mgwirizano wa ku Montreal wa 1987, umene mayiko anasainira pofuna kuthetsa mankhwala owononga ozoni, mpweya wa m'mlengalenga umene umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Pamenepo ndinaima, chifukwa ozoni sanathe ayi; anapyapyala kwambiri, makamaka pamwamba pa Antarctica, kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, koma analipobe.

Lachiwiri ndinaswera m'madikishonale. Liwuli linachokera ku Chilatini, "deplere", kutanthauza kukhuthula chimene chinali chodzaza, ndipo madokotala akale ankaligwiritsa ntchito ponena zochotsako magazi m'thupi la wodwala. Dokotala wotero sankafuna kuti magazi onse atuluke, apo ayi akanapha munthu. Ndinazindikira tsono kuti liwuli limanena za chinthu chimene chatapidwa mpaka chachepa modetsa nkhawa, pomwe chikatheratu eni chiyankhulo amakonda kunena "exhaust".

Lachitatu ndi Lachinayi ndinabwerera kutsamba loyamba, ndikufufuta "kutha" paliponse pamene ndinamulemba mopupuluma. Pa nthaka ndinalemba kuti yaguga, ndipo ndikuona kuti apa Chichewa chinaposa Chingelezi, pakuti nthaka yoguga ikadalipo, mlimi amaipondabe, chonde chokha ndicho chachoka. Pa madzi a pansi pa nthaka ndinati akuphwa. Pa nsomba za cod za ku Newfoundland, zimene boma la Canada linaletsa kuwedza mu 1992, ndinati zinachepa kwambiri.

Lachisanu mayi amene amawunika zomasulira zanga anabwera pa desiki langa atagwira mapepala ozunguliridwa ndi cholembera chofiira. "Bambo, liwu ndi limodzi, koma inu mwalipatsa matanthauzo anayi. Kodi owerenga sasokonezeka?" Ndinawapempha kuti awerenge mokweza chiganizo chakuti "nsomba zaguga". Anaseka, n'kuvomera.

Tinasiyana maganizo pa "depleted uranium" pokha. Ine ndinalemba kuti ndi yureniyamu imene yachotsedwa mbali yaikulu ya U-235 (yureniyamu ndi chitsulo, ndipo U-235 ndi mtundu wake umene amapangira mphamvu ya nyukiliya), popeza mawu akuti "yotha mphamvu" angapusitse munthu kuganiza kuti ilibe vuto. Iwo akuti mawu angawo atalika, ndipo tigwirizana Lolemba lipotilo lisanatumizidwe.