Zikomo kwambiri, mwana wathu sadana ndi penisilini

Abale ndi alongo, lero ndabwera kudzathokoza. Dokotala wathu kuno ku Leeds wafufuta m'faelo ya mwana wathu mawu oti thupi lake limadana ndi penisilini.

Mawuwo analembedwa ali wakhanda. Anatentha thupi, anapatsidwa amoxicillin, womwe ndi mtundu wa penisilini, ndipo patapita masiku anatuluka tizidzolo tofiira pamimba. Kuyambira pamenepo, khutu likangopweteka ankamwa clarithromycin m'malo mwa penisilini, mankhwala owawa aja, ndipo kumumwetsa inali nkhondo. Ine mantha okhaokha, kusukulu ndi kutchalitchi komwe ndinkachenjeza aliyense.

Woyamba kumuthokoza ndi wazamankhwala wa pachipatala chathu chaching'ono (kuno amati GP), yemwe anakhala nane pansi n'kundifunsa bwinobwino. Tizidzoloto tinatuluka nthawi yomweyo kapena patapita masiku? Milomo inatupa? Anabanika? Khungu linasupuka? Zonsezi ayi. Ndiye anandifotokozera kuti mwa anthu 10 amene analembedwa kuti amadana ndi penisilini, pafupifupi 9 akayezedwa amapezeka kuti sadana naye. Kwa ana, nthawi zambiri tizidzolo timabwera ndi vairasi yemwe wawadwalitsayo, mankhwala n'kungonamiziridwa. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti mankhwala olowa m'malowo si abwino kuposa penisilini ayi. Ena sagwira bwino, ena amathandizira kuti tizilombo tiyambe kupirira mankhwala, monga MRSA, bakiteriya wosamva mankhwala ambiri.

Anamwino, Mulungu akudalitseni. Tsiku lomuyeza munamumwetsa amoxicillin pamaso panu, jakisoni wa adrenaline wothandiza munthu akatupa kapena kubanika ali pafupi, n'kumuyang'anira kwa ola lathunthu. Iye ali phee kujambula zithunzi, wonjenjemera ndinali ine. Mwandipirira ndi mafunso anga ambirimbiri aja.

Amayi a Mvano, zikomo chifukwa cha mapemphero ndi kundisungira wamng'ono tsiku limenelo. Agogo ake ku Ntcheu, inu munkanena kuyambira kale kuti zinali zachimfine chabe, ndamva kuti mukuseka.

Makolo anzanga, chonde musayesere kunyumba. Mwana amene anatupa nkhope, anabanika kapena anakomoka atamwa mankhwalawa, nkhani yake ndi ina, imafuna akatswiri a kuchipatala chachikulu. Koma ngati zinali tizidzolo basi, kafunseni dokotala wanu ngati angayezedwe. Ndipo akafufuta, pemphani kalata. Ine mawa ndikukasiya yanga kusukulu ndi kwa dokotala wa mano, poti kumeneko mafomu akale akadalipo.