Chambo ndi mkungudza m'gulu limodzi

Abale, tsopano mtima wakhala pansi. Funso limene linkandizunguza mutu ndi ili: chambo, nsomba yoti timaionabe pamsika ku Mangochi, chikupezeka bwanji m'gulu limodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje pa mndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe, umene umaika zamoyo m'magulu malinga ndi chiopsezo choti zingatheretu? Zonse ziwiri akuti ndi Critically Endangered, kutanthauza kuti zili pangozi yaikulu zedi yoti zingatheretu. Komatu mkungudzawo, Widdringtonia whytei, atauwerenga mu 2017 anangopeza mitengo ikuluikulu 7 paphiri lonse.

Yankho ndi lakuti mndandandawu sungofunsa kuti zatsala zingati. Umafunsanso liwiro limene zikuthera, komanso kukula kwa malo amene zimapezeka. Mtundu ukachepa ndi 80 pa 100 alionse m'zaka 10 kapena m'mibadwo itatu, walowa kale m'gulu loopsalo, ngakhale pamsika pakhale madengu odzaza. Chambo chalowera khomo limeneli. Chimaswera m'madzi osaya, chachikazi n'kumasunga ana m'kamwa, ndiye khoka la maso aang'ono likadutsa limakokolola make ndi ana omwe. Mkungudza uli ndi vuto lake: umamera pamwamba pa phiri limodzi lokha, umakula pang'onopang'ono, ndipo ocheka matabwa ndi moto wolusa saupatsa mpata. Zifukwa zosiyana, chigamulo chimodzi.

Ndipo chibale sichithandiza pano. Oreochromis karongae, mtundu umodzi wa chambo, ndi Oreochromis niloticus, nsomba ya tilapia ya mumtsinje wa Nile, ndi pachibale zedi, koma woyambayo ali pangozi pomwe winayo ndi Least Concern, gulu la zosadetsa nkhawa, wafalikira m'maiwe a maiko ambirimbiri.

Chandipulumutsa ndi tebulo la mizere itatu: banja, kumene chimakhala, chimene chikuchipha. Ukawerenga chopingasa, mzere wachiwiri ndi wachitatu imakuthandiza kuganizira gulu lake usanatsegule buku. Ine ndikuti aliyense wojambula tebulo ili sangalephere funso la mtundu umenewu, ndatsala pang'ono kuligwiritsa ntchito ngakhale pa mbiri yakale.

Chondinyansa n'choti m'kalasi nthawi yonse inathera kuloweza maina a Chilatini. Aphunzitsi ankangoti silabasi ndi yaitali, tithamange. Tithamangire kuti, pomwe mfundo yeniyeni ingafotokozedwe pa mphindi zochepa?

Pamene ndikadakakamira ndi apa. Mbande za mkungudza akubzala paphiri, chambo akuweta m'maiwe, koma mndandandawu umaona zazikulu zoberekana kwawo kwachilengedwe. Ndiye ndalama zitakhala zokwanira chimodzi chokha, tiyambire mtengo kapena nsomba imene ikudyetsa mabanja? Tebulo langa lilibe mzere wa zimenezo, ndipo kaya liyenera kukhala nawo, kaya.